Galu wa Ndevu wa ku Woolwich

Nditakhalako pang'ono ku London, ndinapeza ntchito yosamalira bambo wina wokalamba ku Woolwich. Anali mzungu, akazi awo anali atamwalira, ndipo miyendo inali itayamba kuwakana. Mwana wawo wamkazi wa ku Greenwich anandionetsa mankhwala, bafa ndi khitchini, kenako analoza kunsi kwa tebulo.

"Uyunso ndi ntchito yanu," anatero.

Kunali galu wakuda bii, wa miyendo ifupiifupi, mutu wautali, ndevu ngati za mkulu wa mpingo, ndi nsidze zophimba maso. Anati ndi mtundu wa ku Scotland, Scottish terrier. Kwathu galu ndi wa panja, amadya zotsala. Uyu ndinkamupukuta ndevu akatha kudya, kumupesa kumimba ndi m'miyendo kuti ubweya usapotane, ndi kumuletsa kukumba maluwa, chifukwa akamva fungo la khoswe dothi linkauluka. Ukamuitana ankayamba wakuyang'ana n'kuganiza kaye ngati zili zofunika.

Sankandida, koma sankandiwerengeranso. Bambo aja anandiuza kuti ndisadandaule.

"Agalu awa amasankha munthu mmodzi. Ineyo anandisiya, anasankha mkazi wanga."

Masana aliwonse ndinkapita ndi galuyo kupaki. Chimene ndinayamba kuona n'chakuti sankayenda pafupi nane. Ankakoka chingwe mpaka pakati pathu patatsala mpata wokwana munthu, ndipo ankayenda akuyang'ana m'mwamba, pamene pangakhale dzanja la munthu wamfupi. Tikafika pa benchi ina ankaima, n'kudikira, n'kukhala pansi pambali pake. Ine ndinkangoima ndi chingwe changa ngati mlendo.

Tsiku lina dzuwa likuwala bwinobwino pawindo, ndinkamupesa pa kapeti. Mwadzidzidzi anachoka m'manja mwanga, napita pa mpando wopanda munthu, nagona chagada. Mwendo wakumbuyo unayamba kupalasa, monga amachitira galu akamakandidwa pamalo pomukoma. Ubweya wa pachifuwa unkagona n'kudzuka, kugona n'kudzuka. Mawindo anali otseka.

Ndinayang'ana bambo aja. Iwo ankamwa tiyi wawo.

"Mwaona, bambo?" ndinafunsa.

"Musiyeni," anatero osatembenuka. "Sachedwa."

Sindinafunse kuti sachedwa ndani. Ndinapita kukhitchini, ndinatsegula mpopi, n'kuyamba kupemphera chamumtima manja ali m'madzi. Mnzanga wa kutchalitchi, nesi wa ku Zimbabwe amene makolo ake anachokera ku Dedza, nditamuuza anati, "Asisi, pemphani shifiti kwina." Koma bambowo anali munthu wabwino, ndipo chinthucho sichinandichite kanthu. Ndinangophunzira kusakhala pa mpando uja.

M'nyengo yozizira bambo aja anagwa m'bafa, ndipo anawatengera ku nyumba yosamalira okalamba ya ku Woolwich komweko, kumene salola ziweto. Mwana wawo anali ndi khanda. Anandipempha, maso ali ofiira, kuti nditenge galuyo. Ndinavomera ndisanaganize.

Ndinkaganiza kuti zonse zitsalira ku Woolwich. Koma titafika pa fulati yanga ku Barking, nditatsegula chitseko, galu anaima pakhomo. Ndinakoka chingwe, anakana. Anapatukira pambali, mchira uli njo, maso akutsatira china chake kuchokera pa masitepe mpaka m'kati. Kenako analowa.

Tinakhala choncho mpaka mitengo inaphukanso. Pa sofa panga panapezeka mbali imene palibe ankakhalapo, ngakhale alendo osadziwa kanthu ankangosunthira kwina okha. Galuyo ndinkamuphikira, kumusambitsa, kupita naye kokadula zikhadabo, koma akafuna kukandidwa sankabwera kwa ine.

Loweruka lina m'mawa ndinapita naye ku Greenwich kuti mwana wa bambo aja amuone. Tikuyenda m'mbali mwa mtsinje wa Thames, anthu ali piringupiringu, galu anaima. Makutu anadzuka. Anayang'ana njira yolowera ku Woolwich, mutu ukukwera pang'onopang'ono monga umachitira ukamaperekeza munthu ndi maso. Analira kamodzi, kulira kochokera pakhosi kumene ndinali ndisanamvepo. Sanakoke chingwe. Patapita nthawi anabwera n'kutsamira mwendo wanga.

Ndinamunyamula. Anali wolemera kuposa maonekedwe ake.

Mtima unandiuza kuti bambo aja atisiya. Nditafika kwa mwana wawo ndinamupempha kuti aimbe foni ku nyumba ya okalamba ija. Anaimba ine ndili pomwepo. Anamuuza kuti bambowo ali bwino, adya, akuonera mpira. Ndinachita manyazi, n'kunamizira kuti ndinalota zoipa.

Sabata yotsatira ndinapita kukawazonda bambo aja. Wowasamalira anali mayi wa ku Mulanje, ndipo tinacheza m'Chichewa pakhonde.

"Agogo anuwa asintha," anatero. "Kuyambira Loweruka akumapempha makapu awiri a tiyi. Ina yopanda shuga."

Ndinalowa. Bambowo anali atametedwa bwino, akumwetulira kuposa mmene ndinkawadziwira. Ndinakoka mpando wa pafupi ndi bedi kuti ndikhale.

"Tengani winawo, mwanangu," anatero.

Ndinatenga winawo. Tinacheza za nyengo ndi za chakudya cha kumeneko, ndipo za galu sanafunse.