Tiyi wa Bwana wa pa Chipilala

Nditasiya yunivesite, amayi sanandikalipire. Anangoti, "Anthu ogona masana m'nyumba muno ndi amene agwira naiti kuchipatala. Iwe wagwira chiyani?" Mnzawo wa kutchalitchi ndiye anandilumikiza ndi Maureen, mayi wa kampani yaing'ono yoyendetsa alendo mumzinda wa Newcastle, kuno kwa azungu kumene tinkakhala.

Zida zinali zochepa: ambulera yachikasu yoti alendo azikuonera patali, kamaikolofoni ka m'khutu ndi sipika ya m'chiuno. Umayenda chobwerera m'mbuyo ukulankhula, ndipo suwoloka msewu mlendo wotsalira asanafike.

Tinkayambira pa chipilala chachitali pakati pa tauni n'kutsika msewu wokhota wa nyumba zamiyala. Msewuwo, chipilalacho ndi tiyi wina wonunkhira zonse zili ndi dzina la bwana mmodzi wa banja lolemekezeka, amene anakhalapo nduna yaikulu ya dzikolo. Sukulu inanditopetsa, koma munthu ameneyu anandipititsa ku laibulale popanda wondituma. Ndinapeza kuti pansi pa msewuwo pali mtsinje umene anaukwirira. Mutu wa chiboliboli chake, chimene chili pamwamba pa chipilalacho, unagwetsedwa ndi mphezi, umene ulipowu ndi wosema kachiwiri. Boma lake linathetsa ukapolo m'maiko amene ankawalamulira ngati atsamunda, koma chipepeso analandira ndi eni akapolo. Za tiyiyo, palibe akudziwa bwino ngati ankamukonda n'komwe.

Tsiku londiyesa, Maureen anayenda kumbuyo kwa gulu. Anandiuziratu kuti zikavuta, ambulera ndibweze.

Msewu ndinautha bwino. Ulendo umathera m'kachipinda komwera tiyi uja, ndipo mtsikana wophika sanabwere. Ine ndinakulira ku Thyolo, malume anga ankathyola masamba pa esiteti. Munthu andiphunzitse tiyi? Ndinathira madzi, mkaka ndi masamba mumphika umodzi, shuga wokwanira, n'kuwiritsa mpaka zitachita thovu. Ndinasefera m'makapu.

Bambo wina anayang'ana m'kapu ngati mwagwera ntchentche. Maureen anandikokera pakhomo.

"Dalitso, wachita chiyani? Tiyi ameneyu sawiritsa. Amangomuviika m'madzi otentha, mkaka ndi shuga aliyense amathira yekha."

Mtima unandipsa. Ndinabwerera n'kuwauza alendowo kuti bwana wawoyo sanathyolepo tsamba ngakhale limodzi, ndipo kwathu kumene tiyi amamera timamwa chonchi. Ndinayamba kuvula sipika.

Mayi wina wokalamba anakweza dzanja. "Amathyola bwanji?"

Ndinamuonetsa ndi zala: masamba awiri ndi kansonga, kuponya m'dengu la kumsana. Anafunsa za mvula, za minda, za malume. Kenako anafunsa funso lina: "Nanga minda imeneyo anaitcha maina a ndani?" Ndinkadutsa pa zikwangwani zake tsiku ndi tsiku ndili mwana, maina achizungu okhaokha, koma sindinkadziwa kuti anali ayani. Ndinamuuza kuti sindikudziwa.

Ambiri tiyiyo anamusiya. Maureen anatsuka mphika, kenako anati, "Lolemba ubwere. Ketulo usadzaikhudzenso."

Chiyambire tsiku limenelo, ndisanam'patse munthu chinthu ndimafunsa mmene amachifunira. Usiku womwewo ndinaimbira malume kuwafunsa za maina aja. Anaseka. "Zaka zonsezi takhala tikungothyola, mphwanga. Ukapeza undiuze."