Manyumwa a Ababa

Mtengo wa manyumwa womwe uli kuseri kwa nyumba yathu ku Maseya unabwera ndi ababa kuchokera ku kampani ya nzimbe. Anayamba kudula nzimbe ine ndisanabadwe, ndipo msana utayamba kuwavuta anawasamutsira kolondera mipope yothirira. Tsiku lomwe tinkatuluka m'nyumba ya kampani, lole itadzaza kale, iwo anabwerera kukatenga kamtengo kali m'chitini cha penti. Amayi anafunsa kuti kakhala pati, poti ngakhale nkhuku zinali pamiyendo pa mlongo wanga. Ababa anakafukata njira yonse.

Kwathu manyumwa sitinkawadziwa. Tinazolowera masau, malambe, bwemba ndi mango. Mtengowo unatenga zaka usanabereke, ababa akuuthirira ndi madzi a pamjigo ngakhale m'miyezi ija dzuwa la kuchigwa limawotcha mpaka mapazi. Utabereka, ana a m'mudzi anathyola poyesa malalanje akuluakulu. Analuma kamodzi, n'kulavula, osabweranso.

Ankawakonda ndi ababa okha. M'mawa ankadula limodzi pakati, n'kufinyira m'kapu yawo yachitsulo, njere n'kutchinga ndi sefa ya tiyi. Amayi akati athiremo shuga, iwo ankakana.

"Shuga ndinamuona mokwanira," ankatero.

Pamene anawapeza ndi matenda othamanga magazi, ine n'kuti ndili pa boma la Chikwawa, ndikusoka zovala pakhonde la sitolo. Anawapatsa mapilitsi akumwa limodzi m'mawa uliwonse, ndipo anamwa mokhulupirika. Kenako bambo wina wa kutchalitchi kwawo anawauza kuti chilichonse chowawa chimatsuka magazi. Ababa anasangalala kumva kuti chomwe ankachikonda kale chilinso mankhwala. Anasiya kapu, n'kuyamba kufinya jagi yodzaza. Pilitsi ankalimeza ndi madzi omwewo.

Patapita masabata anayamba kudandaula chizungulire. Mapazi anatupa mpaka nsapato zawo za pulasitiki zinasiya kulowa. Tonse tinati ndi kutentha, poti kuchigwa kwathu dzuwa likakula aliyense amayenda ngati wodwala. Tsiku lina akukolola thonje anawerama, ndipo podzuka anagwa chagada pakati pa mizere. Amayi anaitana wakabaza, anawakweza mpaka kumsewu, kenako minibasi. Ine ndinakumana nawo pakhomo la chipatala.

Anawaona ndi dokotala wamkazi, wachitsikana ndithu, amene ankalankhula Chimang'anja chosakaniza ndi Chisena. Atawayeza anati magazi sakuthamanganso, koma atsika kupitirira muyeso.

"Baba, mapilitsi mukumwa angati?"

"Limodzi, monga munanenera."

"Zitsamba?"

"Ine zimenezo ayi."

"Palibenso china chomwe mukumwa?"

Ababa anapukusa mutu. Amayi, omwe anali chiimire pafupi ndi chitseko atanyamula chipewa cha ababa, ndi amene anayankha.

"Koma madzi awo owawa aja."

"Madzi anji, mai?"

"A manyumwa. Jagi yonse, m'mawa uliwonse."

Dokotalayo anaika cholembera pansi. Anafotokoza pang'onopang'ono kuti manyumwa amachititsa kuti mankhwala ena achuluke m'thupi osatuluka msanga, moti munthu womwa pilitsi limodzi amakhala ngati wamwa angapo. Anati si mankhwala onse, koma awa omwe ababa ankamwa ali m'gulu lomwelo.

Ababa anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye kuti chipatsocho n'choipa?"

"Ayi, baba, n'chabwino."

"Mapilitsiwo ndiwo oipa?"

"Nawonso ndi abwino. Kungoti sizigwirizana."

"Zabwino zokhazokha, osagwirizana," anatero ababa, akuyang'ana mapazi awo otupawo. Dokotala anati malalanje ndi mango adye mmene angafunire, koma manyumwa asiye.

Ababa anagona kwa ine masiku awiri, chizungulire chinatha, n'kubwerera kumudzi. Zomwe zinachitika kumeneko ndinazimva kwa amayi pafoni. M'mawa woyamba ababa anatulutsa kapu yawo, n'kunena poyera kuti asankha. Ngati chimodzi chiyenera kusiyidwa, asiya mapilitsi, poti mtengo anaudzala kale matenda asanabwere.

Amayi sanakangane nawo. Si munthu wa mawu ambiri. Analowa m'khitchini, anatenga nkhwangwa, n'kukaitsamiritsa patsinde la mtengo uja. Kenako anayala mkeka pomwepo n'kuyamba kusankha nyemba.

"Nkhwangwayo ikutani pamenepo?" anafunsa ababa.

"Ikudikira inu. Mukamwa mapilitsi ndi madzi a mumtsuko, ikhala chomwecho. Mukapanda kumwa, ndidula."

"Mungadule inu?"

"Nkhuni zonse za pakhomo pano amadula ndani?"

Tsiku limenelo ababa sanamwe chilichonse, mapilitsi kapena manyumwa. Anaswera pakhonde tsiku lonse. Ine ndinafika m'mawa mwake, Loweruka, ndinapeza nkhwangwa ikadali patsinde. Nditawapatsa moni, ababa anandituma kuti ndiwatungire madzi a mumtsuko. Anameza pilitsi lawo ine ndikuona, amayi akuona, n'kundifunsa za mtengo wa nsalu pa boma. Palibe anatchula za nkhwangwa. Inakhala pamenepo mpaka mnansi wina anadzaibwereka.

Chaka chimenecho mtengo unabereka kwambiri. Manyumwa ankagwa okha n'kuwolera pansi, ntchentche zili ng'waa, mbuzi n'kumangonunkhiza n'kudutsa. Ababa sanapirire kuona zimenezo. Anayambanso kufinya m'mawa uliwonse, koma tsopano ankafinyira ena. Aliyense wofika pakhomo, kaya wadzabwereka khasu, kaya wangodutsa, ankamukhazika pansi. Asanamupatse kapu ankafunsa kaye.

"Mukumwa mankhwala aliwonse a kuchipatala?"

Akati inde, kapu inkabwerera. Sankafunsa kuti ndi mankhwala anji. Abusa a mpingo wawo, omwenso amamwa mapilitsi, anawamana pamaso pa anthu, n'kuwapatsa thobwa. Bambo uja wonena zotsuka magazi naye anabwera, ndipo ababa anamufotokozera zonse monga anazimvera kuchipatala, mopanda mkwiyo. Bamboyo anati iye ankanena za masamba a nimu.

Ambiri ankamwa chifukwa cha ulemu chabe, nkhope zitakwinyika, n'kuthokoza mwachangu. Koma panapezeka mayi wina wogulitsa nsomba zouma wochokera ku Makhanga amene anamaliza kapu yonse n'kupempha ina. Anati kutentha kotere palibe chimachotsa ludzu ngati chimenechi. Kuyambira pamenepo akamapita ku boma amapatukira kwathu, kusiya nsomba pang'ono, n'kunyamula manyumwa m'dengu lake. Ababa amamusankhira okha, akugogoda lililonse ndi chala.

Ine ndimalandira botolo langa ndikapita kumudzi. Sindinawazolowere kwenikweni, ngakhale akazizira m'filiji ya mwini sitolo amamweka.

Ulendo wathawu ndinapeza ababa akufinyira alendo awiri. Pofinyapo, madzi ena ankawatsikira m'zala mpaka m'chigongono. Atamaliza anapereka makapu, n'kutembenukira kukhoma, n'kunyambita chala chimodzi. Amayi anaona. Anadzuka, anatenga beseni la madzi ndi sopo, n'kuwaikira patsogolo. Ababa anasamba m'manja.