Chaka Chimene Dziko Linkayenda M'munda Mwathu

Ndikukumbukira chaka chimene ndinayamba sekondale, tikukhala ku Khwethemule, pakamunda kopanikizika pakati pa tiyi wa esiteti ndi munda wa a Nampinga. Kwathu malo ndi ochepa, moti mzere umodzi wa chimanga umatha kudanitsa anthu mpaka kumanda. Malire athu ndi a Nampinga anali chikhomo cha bulugamu, chakuda ndi mvula ya zaka zambiri.

Tsiku lina aphunzitsi athu a Msiska, ochokera ku Rumphi, analowa m'kalasi ndi beseni la thope ndi mapale a mphika wosweka. Anayala mapalewo pathope nati nthaka imene tapondayi ndi yotero: zidutswa zikuluzikulu zokhala pa mwala wotentha wofewa, ndipo zimayenda. Pokumana ziwiri pali malire a mitundu itatu. Pena zimatalikirana, monga kuchigwa cha Shire kunsi kwathuku. Pena zimagundana mpaka kutukula mapiri. Pena zimangokhulana m'mbali, china kulowera uku, china uko. Ndinatuluka ndikuganiza za dzanja la Mulungu likukankha mayiko ngati mapale.

Sabata yomweyo mvula itagwa, mayi anapeza chikhomo chija chalowa mizere iwiri m'munda mwathu. Anaitana a Nampinga, mawu n'kuyamba kukwera. Ine, ndi nzeru zanga za masiku atatu, ndinaima pakati pawo m'matope onunkhira chinyontho n'kulengeza kuti palibe wolakwa: awa anali malire okhulana aja.

"Mwamumva mwana wasukulu, anachisale?" anatero a Nampinga, akumwetulira. "Ndi dziko likuyenda. Ine ndingaliletse?"

Mayi anali a chigwirizano cha amayi kumpingo, odziwa bwino kuti Malemba amatemberera munthu wosuntha malire a mnzake. Chikhomocho sakanachigwira ndi dzanja lawo. Choncho anachithirira madzi mpaka chinagwedera, n'kumangirirapo mbuzi yathu yaikazi, masamba a mbatata n'kuwaunjika cha kwa a Nampinga. Pofika masana malire anali atayenda mizere inayi, akukwekwerezeka pambuyo pa mbuzi.

"Labwerera dziko lija," anatero mayi, akupukuta manja pachitenje.

Kwa mwezi wathunthu dziko linkayenda pamalo amodzi okhawo m'Thyolo yense. Lolemba linali kwathu, Lachitatu kwa a Nampinga. Amayi othyola tiyi ankaima ndi madengu kumsana kufunsa kuti lero lagona kuti. Nthawi yobzala inkatha, mizere ija ili yosabzala, ndipo ine ndinkapemphera ndi mantha, podziwa kuti pakamwa panga ndi pamene panayambitsa zonsezi.

Potsiriza ndinakagwada kwa a Msiska. Anabwera Loweruka atapinda thalauza, nayang'ana chikhomo, chingwe ndi ndowe za mbuzi. Anafotokoza mofatsa kuti zidutswa zija zimayenda pang'onopang'ono ngati kukula kwa chikhadabo. A Nampinga anayang'ana zikhadabo zawo. Kenaka aphunzitsi anawonjeza kuti ngati pano layendadi mizere inayi, ndiye kuti malire enieni adutsa pomwepa, ndipo malo otere ndi amene kumachitika zivomezi, nthaka n'kung'ambika.

Mayi sanachedwe. Anakumbutsa a Nampinga, ndi mawu otsika ngati a m'pemphero, za anthu aja anaukira Mose nthaka n'kuyasama kuwameza pamodzi ndi mahema awo. A Nampinga anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, khasu lili paphewa. Madzulo ake anakhoma okha chikhomo pamalo ake akale, akuponda monyang'ama, ndipo mpaka imfa yawo ankasiya mzere umodzi wosalima pambali pake.

Masiku ano ana anga amaonera zidutswa za dziko zikuyenda pafoni, mapiri akuphulika m'manja mwawo, osadabwa n'komwe. Kamunda kaja tinagawana anthu asanu, ndipo pamalire pali simenti. Ine ndimakhulupirirabe kuti Yehova ndiye anayala maziko a dziko, ndipo ngati afuna kuti ayende, amayenda mwa lamulo lake. Mayi anadzaulula tchimo lawo kwa akulu a mpingo atakalamba, misozi ili m'maso. Koma atafunsidwa ngati analapadi ndi mtima wonse, anati theka lokha, chifukwa theka linalo linali la mbuzi.