Sitepe Yachitatu ya Malangizo Anga

Ntchito ya ku Nairobi ndinaivomera nditaima pa chulu kuseri kwa tchalitchi chathu ku Senga Bay, chifukwa ndi pokhapo pamene netiweki inkagwirako masiku amenewo. Bambo wa mbali inayo ya foni ankalankhula mawu akudukaduka, moti pa mawu khumi ndinkamvapo anayi. Nditangomva kuti "ubwera?" ndinati inde. Zina zonse ndinakazidziwira komweko.

Ndinali nditamaliza maphunziro a makompyuta ku Lilongwe, kenako nkukhala pakhomo chaka chathunthu ndikuthandiza amayi kuyanika usipa pathandala. Funso loti "Lonjezo, sukulu ija yathera pomwepa?" linali litandikwana. Sindinapemphe nzeru kwa wina aliyense. Makolo ndinangowauza kuti ndikupita.

Abambo, amene pa nthawiyo anali ndi boti la injini, anandifunsa kuti ntchito yake ndi yotani.

"Ndikukalemba laibulale," ndinatero.

"Yonse? Wekha?"

Amayi anawadula. "Musiyeni apite. Mabuku sanunkha ngati nsomba."

Sabata lisanathe mudzi wonse unkadziwa kuti mwana wa a Kalima wapeza ntchito yosamala mabuku ku Kenya. Ulesi wofotokoza unandigwira, ndinangozisiya choncho.

Ndifotokoze pano. Pali pulogalamu yaikulu ya pakompyuta yosungiramo zinthu ngati nkhokwe: mayina a odwala, katundu wa m'sitolo, chilichonse. Timaitcha detabesi. Yathu inali yaulere, ndipo khodi yake, ndiye kuti malamulo amene timalemba kuti kompyuta itsatire, inali poyera. Aliyense akanatha kuiwerenga, kuikonza, kapena kungoinyoza. Tsono munthu wopanga pulogalamu yake safuna kudziwa zam'kati mwa nkhokwe. Amafuna kapulogalamu kakang'ono koti azikatuma: kandisungire ichi, kanditengere icho. Kameneko ndi kamene timati laibulale. Mulibe buku ngakhale limodzi.

Ku Nairobi ndinapeza chipinda pa nyumba yosanja, windo lake loyang'anizana ndi khoma la nyumba ina. Mwezi wa Julaye ndinkavala majuzi awiri, ine mwana wa kunyanja. Ndinkadzitama kuti Chiswahili ndimachidziwa chifukwa chokula ndi anzanga a Chisilamu, koma zinapezeka kuti ndimadziwa moni ndi mawu a pemphero basi, ndipo kondakitala sunganene naye za pemphero. Loweruka ndinkatha tsiku lonse osatsegula pakamwa, kupatula kuuza mayi wa pagolosale kuti mazira atatu.

Mwini ntchito yonseyo anali Henrik, bambo wa pafoni uja. Ankakhala ku Ulaya, ndipo mpaka lero sindinamugwirepo chanza. Anandilemba kuti ndizilemba khodi. Sabata lachiwiri anandipempha kuti "ndingokonzako pang'ono" malangizo, masamba ofotokozera anthu kagwiritsidwe ntchito ka laibulale yathu, popeza anzanga onse ankawathawa. Pang'ono pamenepo panatenga zaka zitatu. Khodi ndinkalembabe, koma malangizo anandikakamira ngati chisoso pa chitenje.

Henrik anali wanzeru, zimenezo sindingakane. Koma ankatha kudzuka m'mawa nkuganiza kuti lamulo lolumikizira nkhokwe lili ndi dzina loipa, nkulisintha asanamwe ndi tiyi yemwe. Ine pofika ku ofesi ndinkapeza zitsanzo zonse za m'masamba anga zitafa. Ndinkakhala masiku anayi ndikusintha tsamba ndi tsamba. Ndikangomaliza, uthenga uwu: "Ndaganizanso ndili panjinga. Dzina lakale lija linali bwino."

Ndiye panalinso tsamba la madandaulo, pamene aliyense pa dziko lapansi ankatha kulemba. Wina analemba mawu amodzi okha: "Sizikugwira." Ndinamufunsa mwaulemu kuti wachita chiyani, ndipo kompyuta yamuyankha chiyani. Zii, miyezi inayi. Kenako anatulukira: "Mwakonza?" Wina analemba ndime zisanu zodandaula za kadontho kamene ndinaiwala. Chinthu chaulere, koma anthu ankakalipa ngati anagulitsira ng'ombe. Chaka chachiwiri ndinasiya ulemu. Ndinali ndi yankho limodzi limene ndinkangomata paliponse: "Werengani malangizo." Ndikamata, nkutseka dandaulolo.

Kumudzi ndinkaimba Lamulungu lililonse akatuluka kutchalitchi, pafoni ya achemwali anga a Malita, amene amagwira ntchito yolandira alendo pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja. Ndalama ndinkatumiza mwezi ukatha, amayi nkunena kuti zafika, Mulungu akudalitse. Ndikafunsa kuti kunyumba kuli bwanji, ankati kuli bwino. Basi ine ndinkayambapo za Henrik mpaka bandulo kutha. Ndinalibe wina womudandaulira. Amayi anafika pomudziwa ngati wachibale. "Nanga a Heneliki aja asinthanso?" ankafunsa. Tsiku lina anandiuza kuti azimayi a kutchalitchi amupempherera kuti mtima wake ukhale pamodzi.

Chaka chachitatu chili mkati, amene ankathandiza ntchito yathu ndi ndalama anasiya. Ofesi ya ku Nairobi inatsekedwa, ndipo chilolezo changa chokhalira m'dzikomo chinathera pomwepo. Henrik anandiuza kuti ndipite kwathu, ndikamalizire komweko laibulale yatsopano ndi malangizo ake m'miyezi iwiri. Zikayenda bwino adzandisunga, ndizigwira ndili kumudzi. Zikakanika, basi.

Ndinafika mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Amayi analira, a Malita anandinyamulira chikwama. Abambo anandilonjera atakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, ndipo atadzuka ndinaona kuti akukoka mwendo wakumanzere. Amayi anati ndi nyamakazi. Ine ndinati pepani, kenako nkufunsa kuti soketi yogwira bwino ili pati. Ndikalemba zimenezi manyazi amandigwira, koma ndi mmene zinalili.

Pakhomo sizikanatheka. Magetsi ankabwera ndi kupita mmene afunira. A Malita anandipemphera malo m'kachipinda kosungiramo matawulo kuseri kwa ofesi yawo, kumene kunali magetsi a sola ndi intaneti ya alendo. Kumeneko ndi kumene laibulale yanga inandichititsa manyazi. Netiweki ikangophethira pang'ono, inkataya mtima nthawi yomweyo, nkutaya ndi zimene inali kutumiza zomwe. Ku Nairobi sindinazionepo zimenezi ngakhale kamodzi. Ndinabwerera pa madandaulo akale amene ndinatseka, ndipo ndinapeza angapo onena za vuto lomwelo, ochokera m'maiko a netiweki ngati yathu. Pansi pa lililonse panali dzina langa ndi mawu anga aja.

Ndinamulembera Henrik. Anayankha kuti vuto ndi intaneti yanga, osati laibulale. Ndinatuluka panja, nkuzungulira thanki ya madzi kawiri, kuopa kulemba zimene zinali pakamwa panga. Kenako ndinalemba khodi yoti laibulale izidikira, iziyesanso, isamataye kanthu. Tinakangana sabata lathunthu. Anavomera nditamujambulira kanema wa chinthucho chikugwa kasanu ndi kamodzi motsatizana, kumbuyo kukumveka wantchito wa m'khichini akuthamangitsa anyani.

Panatsala malangizo. Henrik anafuna kuti tsamba loyamba liyesedwe ndi munthu amene sanaigwirepo laibulale yathu. Ndinkadandaula ndekha kuti munthu woteroyo ndimupeza kuti kuno, ndipo a Malita, amene ankapinda matawulo, anamva.

"Bweretsa kuno," anatero.

"Achemwali, izi ndi za akatswiri."

Anasuzumira pa kompyuta. Chingerezi amachiwerenga bwino, zaka khumi akulimbana ndi alendo. "Apa walemba kuti aliyense atha m'mphindi zisanu. Ine si aliyense?"

Anakhala pampando wanga, nkundiuza kuti ndiime kumbuyo ndipo ndisayankhule. Sitepe yoyamba anadutsa. Yachiwiri anadutsa, akulemba ndi zala ziwiri. Pa yachitatu anaima.

"Akuti lembani adilesi ya nkhokwe yanu. Nkhokwe yanga iti? Ndaitenga kuti?"

"Mumayenera kuiika kaye pakompyuta."

"Walemba pati?"

Ndinayang'ana. Ndinakweza tsamba, nkulitsitsa. Zaka zitatu, anthu a m'maiko onse akuwerenga, ndipo panalibe pamene ndinalemba kuti munthu ayambe waika detabesiyo.

"Aliyense amadziwa zimenezo," ndinatero.

"Ndiye unalemberanji, ngati amadziwa kale?"

Masana amenewo anakakamira malo khumi ndi amodzi. Pena ndinagwiritsa mawu awiri osiyana ponena chinthu chimodzi. Pena chitsanzo chinali ndi dzina limene Henrik analisintha kalekale. Paliponse ankangoloza ndi chala, osakweza mawu, ine thukuta lili kamukamu. Pomaliza anatulutsa m'kabati pepala lokutidwa ndi pulasitiki, malangizo amene analembera antchito atsopano a pa lojipo, a mmene angalandirire mlendo ndi kuyatsa pampu ya madzi. Anati analilemba kanayi, ndipo ulendo uliwonse ankaima kumbuyo kwa munthu nkuona pamene wakakamira.

M'malo mothokoza, ine ndinayamba nyimbo yanga. Ndinati zonsezi ndi chifukwa cha Henrik, munthu wosamva za anzake, amene amangolankhula zake zokha. A Malita anandisiya ndilankhule mpaka ndinapuma.

"Lonjezo, boti la abambo linagulitsidwa liti?"

Ndinali nditakhala pakhomo masabata asanu. Ndinkaganiza kuti boti lili kunyanja ndi asodzi awo.

Anandiuza ataimirira, thawulo lili m'manja. Chaka changa chachiwiri ku Nairobi, nthawi ya dzinja, abambo anagwa pagombe akukonza ukonde. Inali sitiroko. Anagona kuchipatala ku Salima masabata atatu. Dzanja lamanzere silinabwererenso bwino, ndipo boti anagulitsa chaka chomwecho. Tsopano amagula mpunga ku Lifuwu nkumagulitsa pakhomo.

"Bwanji simunandiuze?" Ndinakuwa mpaka mlonda anasuzumira pakhomo.

"Amayi analetsa. Anati usiya ntchito nkubwera. Koma ine Lamulungu lina ndinaganiza zongokuuza. Ndinayamba kuti, 'Lonjezo, abambo...' Iwe unati, 'Dikirani kaye achemwali, mumve zimene Henrik wachita lero.' Ndinadikira. Bandulo inatha."

Ndinakwiya, ndipo mpaka lero ndimaona kuti analakwa. Bambo ndi anga, ndinayenera kudziwa. Ndinawauza amayi zimenezo madzulo ake, ndipo tinakhala masiku awiri tikungopatsana moni. Koma masabata asanu aja analibe mwini wina. Munthu ankamanga mabatani a malaya ndi dzanja limodzi pamaso panga, ine maso ali pafoni.

Malangizo ndinawalembanso kuyambira pamwamba, a Malita akuyesa tsamba lililonse nthawi ya nkhomaliro. Laibulale yatsopano inatuluka itachedwa ndi masiku asanu ndi anayi. Henrik anandisunga. Ndikugwirabe mpaka pano m'kachipinda ka matawulo, ndipo sabata latha wasinthanso dzina la lamulo lina.

Tsiku limene tinatulutsa laibulaleyo ndinaweruka msanga. Ndinapeza abambo pakhonde akuthira mpunga m'timatumba, thumba atalipana ndi mawondo. Ndinakhala pansi nkuwagwirira kukamwa kwa kathumba. Tinadzaza angapo. Kenako ndinawafunsa za boti.

Anati tsiku limene wogula anabwera kudzalitenga, iwo anapita dala ku Lifuwu kuti asalione likuchoka. Kuyambira pamenepo sanalionenso. Anangomva kuti limakocheza cha ku Maganga, ndipo analipaka utoto wobiriwira.

"Wobiriwira," anabwereza. "Boti ngati chimbudzi cha pasukulu."

Anamanga kathumba ndi mano ndi dzanja lamanja, nkukaika pambali.

"Mawa uli ndi ntchito? Ndikufuna ndikalione. Amayi ako amakana, akuti ndikadwala nalo mtima."

Mawa lake ndinali ndi msonkhano ndi Henrik. Ndinamulembera kuti sindipezeka, ndipo tinanyamuka m'mawa pa njinga zamoto ziwiri, abambo atagwira woyendetsa m'chiuno ndi dzanja limodzi.

Tinalipeza lili m'madzi osaya, lobiriwiradi, mwini wake watsopano, a Phiri, ali chiweramire pa injini. Ankakoka chingwe mwaukali, injini nkutsokomola, nkuzima. Abambo anaima pamchenga atatsamira phewa langa. Ndinkamva thupi lawo likunjenjemera, ndipo ndinaganiza kuti akulira, moti ndinayamba kufuna mawu owatonthoza nawo. Munthu uja anakokanso kachitatu, kachinayi.

"A Phiri!" abambo anakuwa, gombe lonse nkutembenuka. "Injini imeneyo saidzutsa choncho! Mwapopa mafuta? Simunapope! Ndinakuuzani chiyani tsiku logulitsana lija?"

Anandisiya phewa, nkuyamba kulowa m'madzi ndi nsapato zomwe, akukoka mwendo.

"Lonjezo, ukuyang'ana chiyani? Ndigwire mkono uwu tikamuonetse, asanaiphe."