Mboni Ziwiri za Amayi

Chaka chimenecho kalembera wa zisankho anabwera ndi mphekesera. Mumsika wa ku Mandimba anthu ankanong'onezana kuti chiwerengero cha ovota chakwera mokayikitsa, ati Amalawi akuwoloka malire kudzalembetsa kuno. Ine sindinazilabadire mpaka tsiku limene ndinaperekeza amayi kusukulu komwe ankalembera anthu.

Amayi anabadwira ku Mitande, m'dziko lomwe lino. Nkhondo itakula anathawira ku Malawi, komwe ndinabadwira ine, ndipo tinabwerera mtendere utafika. Mapepala awo onse, kuphatikizapo kartau, chiphaso chawo chakale chovotera, anawonongeka mvula itagwetsa khoma la nyumba yathu.

Tinaima pamzere dzuwa likuswa mtengo. Titafika patebulo, mtsikana wolembera anafunsa amayi mwezi womwe anabadwa.

"Disembala," anatero amayi.

Pambali panakhala bambo wina wachipewa, woyang'anira kalemberayo m'malo mwa chipani chake. Anadzuka pang'onopang'ono.

"Kuno timati Dezembro. Mayi, mwachokera kuti?"

"Kwathu ndi konkuno, bambo."

"Onse amatero. Awa ndi omwe akutupitsa chiwerengero. Asalembedwe."

Chapatali, pansi pa mtengo wa mango, wapolisi anasiya kucheza n'kuyamba kutiyang'ana.

Mtsikana uja sanakweze mawu. Anati munthu wopanda mapepala akhoza kulembedwa ngati pali mboni ziwiri zolembetsa pamalo omwewo. Ndinati ine ndilipo, koma anapukusa mutu. Ine ndinali nditalembetsa ku Cuamba, komwe ndimagwira ntchito.

Ndinatembenuka kuyang'ana mzere. Munali anthu omwe timapemphera nawo, ena omwe amayi anawaphikira pamaliro. Aliyense anapeza choyang'ana pansi. Sindiwada. Bambo uja ankayang'ana nkhope imodziimodzi, ndipo palibe ankafuna kukumbukiridwa.

Woyamba kutuluka pamzere anali mayi wina wachisilamu wogulitsa nsomba zouma. Anayankhula m'Chiyao, kenaka m'Chinyanja, kuti amayi amawadziwa kuyambira ali atsikana. Anaika kartau yake patebulo n'kupinda manja.

"Imodzi," anatero bambo uja. "Yachiwiri ili kuti?"

Panapita nthawi. Mtsikana wolembera anayamba kuyang'ana munthu wotsatira. Amayi anandigwira mkono.

"Tiye tizipita, mwanangu. Ndisachititsidwe manyazi pagulu."

Apo m'pamene panamveka kutsokomola kumbuyo. Anali mkulu wina yemwe munda wake unagundana ndi wathu, munthu amene sankalonjerana ndi amayi chifukwa cha mkangano wa malire a mundawo. Mtima wanga unagwa, poganiza kuti wabwera kudzathira mchere pabala.

"Mayi awa sindigwirizana nawo," anatero. "Koma munda womwe timakanganirawo unali wa bambo awo. Ndinawaika m'manda ndi manja angawa. Lembani."

Bambo wachipewa anafunsa dzina la mudzi, la mfumu, la mtsinje. Mkuluyo anayankha zonse mosadodoma. Pomaliza wachipewayo anakhala pansi, nkhope ili gwa.

Amayi anajambulidwa osamwetulira. Kartau itatuluka anaimanga m'mpango n'kuibisa pachifuwa. Panjira, titadutsa msika, anandiuza kuti ndikagule sopo ndi shuga, ndikasiye kwa mkulu uja.

"Koma za mundawo usakatchule," anatero. "Imeneyo sinathe."