Chiswidishi cha Pakhonde la Sitolo

Mng'ono wanga anapita ku Swideni kukagwira ntchito ya unamwino, nakwatiwa komweko, nabereka mwana wamkazi. Mwanayo asanayambe sukulu, mayi ake anamwalira. Anaikidwa konko. Ife tinangolira m'nyumba yopanda mtembo kwathu kwa Nsamala, kenako ine nkubwerera ku Nselema, kumene ndimasoka zovala pakhonde la sitolo.

Kwathu kuno mwana wa mng'ono wako ndi wako, palibenso zokambirana. Ndiye ndinali ndi mwana amene sindikanatha kumufunsa ngakhale zoti wadya chiyani. Lamlungu masana alamu, bambo ake a mwanayo, ankaimba foni yoonana nkhope. Mwana akayankhula ankandimasulira m'Chingerezi, ine ndikayankha m'Chingerezi chomwecho ankamumasulira. Koma mawu odzera mwa munthu wina amafika atapola. Mwanayo ankayang'ana kumbali, posakhalitsa nkutsika pampando. Macheza ankafupikirafupikira, ndipo ndinkaopa kuti tsiku lina alamu adzatopa, mwana wanga nkundithera m'manja ngati sopo.

Ndinawauza kuti ndikufuna kuphunzira ndekha chinenero chawocho. Ananditumizira maphunziro angapo pafoni kuti ndisankhe. Ena anali a alendo ongodutsa, ofunsa njira ndi chimbudzi. Ena anali a ana, odzaza tinyimbo ndi zithunzi za abakha. Amenewo anandikwiyitsa ndithu. Ine ntchembere yonseyi, yoti ndavekapo akwatibwi a dera lonse lino, ndiziimba za abakha? Ndinasankha a akuluakulu ofuna kukakhazikika kumeneko, okhala ndi mayeso ndi satifiketi kumapeto. Paja ife sukulu yopanda pepala timaiyesa macheza.

Ndinkatseka makutu ndi timawaya, phazi lili pamakina. M'maphunziromo munali bambo ndi mayi amene tsiku lililonse anali ndi kovuta kawo: lero akufuna nyumba ya lendi, mawa ali ku ofesi ya msonkho, mkuja sitima yachedwa. Ndinayamba kuwakonda anthu amenewa. Chiyankhulo chawo chimakwera nkutsika ngati munthu akutonthoza khanda, ndipo phazi langa linazolowera kupalasa motsatira iwo. M'mwezi wotentha uja, fumbi lili koboo, akabaza akudutsa ndi matumba a nandolo, ine ndinkaona chipale chofewa chikugwa mwakachetechete pamalata a msika. Ndinkaona mng'ono wanga atavala chijasi chofika m'mapazi, ataima pamzere ku ofesi ya msonkho ija, akusinthanitsa miyendo monga ankachitira kuchigayo. Nthawi zina ndinkadzidzimuka nditasoka mpendero wonse ulusi utatha kalekale.

Mnzanga wogulitsa usipa pafupi nane ankandiyang'ana milomo yanga ikugwedera.

"Achemwali, mwayamba kucheza ndi majini?"

"Iyayi, ndikufunsa nthawi imene sitima inyamuke."

"Ya ku Nayuchi yomweyi simunaikwerepo, mukufuna ya azungu?"

Patapita miyezi ndinaona kuti ndapsa. Lamlungu lina ndinavala bwino, nkumulonjera mwana monga ankalonjerana bambo ndi mayi aja. Ndinamuuza kuti ndakondwa kudziwana naye. Kenako mutu unaima, ndipo chimene chinatuluka nkumufunsa ngati nyumba yawo ili pafupi ndi siteshoni. Alamu anabisa nkhope kuti ndisaone kuseka. Mwana anandiyang'ana ngati akuona munthu wa kalembera, napita kukasewera. Zinandipweteka kwambiri. Mawa lake m'minibasi yopita ku Balaka kokagula nsalu misozi inali lengelenge, mpaka kondakitala anandisiya osandipanikiza.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinabwerera kwa abakha aja.

Kumeneko ndiye kunali mawu amene ndinkawasowa: mwezi, tulo, chidole, ndazizidwa, ndikuopa, usapite. Ankabwera amodziamodzi, mayi wina akuwatchula mosathamanga. Ndinkawatola ngati mabatani otayika. Mnzanga wa usipa atandipeza ndikulira ngati bakha wachizungu, anaseka mpaka kugwira mzati, koma pofika madzulo nayenso anali akuimba nawo.

Lamlungu lina nyengo yozizira, titakolola, ndinali kumudzi kwa Nsamala. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango, pamene netiweki imagwirako. Kwawoko kunali kowala, mazenera ali otsekula. Ndinamuonetsa mwana nkhuku nkuitchula m'chinenero chake. Anandikonza katchulidwe, ndinabwereza, anandikonzanso, akumwetulira pang'ono. Aka kanali koyamba kuti akhale pampando nthawi yaitali chotero, ndipo mtima wanga unali m'malo.

Ndiye mbuzi ya eni ake inafika pamphasa pamene ndinayanika ufa. Ndinaiwala foni, ndinaiwala Swideni.

"Iwe, choka apo! Wakuitana ndani? Ufa umenewo unalima ndiwe? Mbuzi yopanda mwambo, ndikuthyola miyendo lero!"

Nditabweza maso pafoni, mwana anali atangoti kakasi. Ndinachita manyazi poganiza kuti ndamuopsa. Anatembenukira kwa bambo ake nayankhula motsitsa mawu. Alamu anatsegula pakamwa kuti amasulire, koma anangoyang'ana pansi. Panalibe chifukwa choti avutike. Anali mawu aang'onoang'ono a m'maphunziro a ana aja, ndipo ndinawamva onse ndekha.

"Auzeni asiye Chiswidishi. Ayankhule ngati mmene amayankhulira ndi mbuzi. Amayi ankamveka choncho."

Kenako anatsamira pachifuwa cha bambo ake natseka maso.

Ndinayankhula Chichewa. Ndinamuuza za mbuziyo ndi mwini wake, za chimanga chimene chinakana kumunda wakumtunda, za mayi ake ali wamng'ono kuti ankaba mango osapsa nkumadya ndi mchere. Ndinapitiriza osasiya. Mwanayo sankamva ngakhale liwu limodzi. Mbuzi inabwerera paufa, ine ndikuiona, ndipo ndinaileka idye.