Ufa Umene Achimwene Sanabweretse

Achimwene anga ndi munthu wophunzira kwambiri, ndipo mpaka lero akaimba foni sindiyankha.

Achemwali athu, oyamba kubadwa, anadwala khansa ya m'bere. Mankhwala a kuchipatala ku Tete poyamba anagwira, chotupa chinaphwa, mpaka anabwerera kudimba. Chaka chisanathe chinatulukanso. Adotolo anati matendawo azolowera mankhwala, sakuwamvanso. Ine sindinataye mtima. Ife a ku Domwe timalima mbatatesi, ndipo timadziwa kuti chiwawu chikazolowera mankhwala opopera, umasakaniza ndi ena mpaka chigonje. Ndinati apa mpovuta pati, wosakaniza tili naye m'banja momwemuno.

Achimwenewo anaphunzira kimika, sayansi ya kusakaniza mankhwala, amagwira ntchito m'laboratoriyo kunja kwa dziko. Anatiuza okha, uku akudzigunda pachifuwa, kuti amapanga ufa woti khansa yokanika iyambenso kumva mankhwala. Ndiwonso mwini mbumba, mlongo wathu mmodzi yekhayo, ndipo kwathu kuno mkazi akadwala wothamanga ndi mlongo wake. Ndinawaimbira, anati akubwera.

Tsiku lofika iwo, achemwali anakana phala. Anati mankhwala amphamvu amafuna m'mimba mopanda kanthu. Anasamba, anavala kapulana, chitenje chatsopano, n'kundiuza kuti ndiike kapu ya madzi pampando pafupi ndi mphasa yawo. Kuyambira m'mawa khutu linali kumsewu. Shapa iliyonse, minibasi yochokera ku Ulongwe, ankati ndi imeneyo.

Achimwene anafika dzuwa litapendeka, chikwama chachikulu kumanja. Anatulutsa bulangete, sopo, nsapato za ana. Ine manyazi ndinaika pambali, ndinasuzumira m'chikwamamo.

"Achimwene, nanga ufa uja?"

"Iwe, umene uja sunakhale mankhwala ayi. Ndi chiyambi chabe, chopangira mankhwala. Tikuyesera m'timbale, ndi mbewa zomwe sitinazipatse. Ungathe kuwapha achemwali."

"Nanga panopa mukuona ngati akuchira?"

"Pafunika zaka, mlongo wanga."

Zaka! Munthu nthiti zikuchita kuwerengeka, wina akukamba za zaka. Ndinawalalatira pamaso pa alamu ndi ana omwe. Ndinati umwini mbumbawo akauchitire mbewa zawozo. Anthu amandiuza kuti achimwene ananena zoona, ndipo mwina n'zoonadi. Nanga pakamwa panali potseka tsiku limene ndinawaimbira? Anatisiya tikusesa pabwalo, wodwala akusala kudya, iwo ali kalikiliki kusankha bulangete. Chimenechi ndicho sindidzawakhululukira.

Achemwali sanakalipe. Anayang'ana kapu ija, kenako anayang'ana mlongo wawo.

"Ndiye ndimwe phala lija?"

"Imwani, achemwali."

Ndinakalitenthetsa ndikulira. Anamwa masipuni atatu, n'kutembenukira kukhoma.

Tinawaika m'manda mbatatesi zawo zisanakumbidwe. Amayi osambitsa maliro atafunsa chowakulungira, ndinawapatsa bulangete lija, likadali m'pepala lake.